Levi Aika Chishango cha Agogo pa Okushoni

Nyumba ya a Ngozo ku Kawale inali yoti ukalowamo mtima umakhala m'malo. Ndikudziwa chifukwa mpanda wawo ndi wanga ndi umodzi, ndipo ndinayamba kupempha mchere pakhomopo ana awo adakali kumsana. Bambo Leston Ngozo anali kalipentala wochokera ku Ntcheu, mkulu wa mpingo wosakonda zolankhulalankhula. Akazi awo, mayi Eness, anali mnzanga wa ku Mvano. Mwana wawo wamwamuna anali mmodzi yekha, Levi, ndipo Sande sukulu ndinamuphunzitsa ndine. Mwana waulemu, ameneyo! Ukamutuma, amanyamuka usanamalize kulankhula.

M'nyumbamo munali chinthu chimodzi chimene ana sankachikhudza. Pamwamba pa wodilopu ya makolo panali thumba, ndipo m'thumbamo munali chishango cha malemu agogo ake a Levi. Chinali cha chikopa cha ng'ombe, chamawanga akuda ndi oyera, kumbuyo kwake kuli ndodo yaitali yogwirira. Agogowo ankavinira ngoma chishango chimenechi. A Ngozo ankachitsitsa mwa apo ndi apo, n'kuchipukuta, n'kuchibwezera pamalo pake.

Levi atalemba mayeso a Fomu 4 mu 2008, anayamba kucheza ndi Lucious, mnyamata wa mano oyera ndi nsapato zosongoka, amene anali ndi kafe ya intaneti pafupi ndi msika. Lucious ndiye anamuonetsa malonda achilendo.

"Amama, ndi okushoni ngati ya fodya ku Kanengo," Levi anatifotokozera tsiku lina tikutola nyemba pakhonde. "Kungoti ogulawo sitiwaona. Timajambula chinthu, n'kuika chithunzi pa kompyuta. Azungu akunja amapikisana mtengo. Nthawi ikatha, watchula mtengo wokwera watenga. Ife timatumiza katundu pa positi, ndipo wogula akakondwa amatipatsa nyenyezi."

"Nyenyezizo mumadya?" ndinafunsa ine.

"Ayi, amake Miracle. Nyenyezi zikachuluka, anthu amadziwa kuti ndiwe wokhulupirika."

Tinaseka, koma malondawo anayenda ndithu. Levi ankagula ziboliboli kwa osema m'tauni: tinjovu, timvuu, timipando tamatabwa. Msuweni wa Lucious wa ku Mangalande ndiye ankalandira malipiro n'kuwatumizira. Posakhalitsa shuga anasiya kusowa pakhomo pa a Ngozo, ndipo mayi Eness anatchena chitenje chatsopano. Ine ndinakondwa ngati mwanayo ndi wanga.

A Ngozo anangonena mawu ochepa. "Levi, malonda ndi abwino. Koma uzigulitsa chimene wagula wekha. Chimene sichako, ngakhale kuchijambula usachijambule."

"Ndamva, ababa."

Anamva ndi khutu limodzi. Linalo anali atabwereketsa kwa Lucious.

"Aise, ziboliboli zatsopanozi aliyense akugulitsa," Lucious anamuuza ali pa kompyuta. "Azungu amafera zakale. Chinthu chikakhala chadzimbiri, cha fumbi, ndiye amachita kulimbirana. Kwanu kulibe zakale?"

Levi anakumbukira simbi ya makala ya amayi ake, ija yokhala ndi katambala pachivundikiro. Anaitenga m'khitchini n'kuibisa m'chikwama. Azungu anailimbirana zedi, ndipo nyenyezi ina inabwera.

Loweruka mayi Eness anaifuna simbi kuti asite yunifolomu ya Mvano. Kuno ayi, uko ayi.

"Levi, simbi yanga waiona?"

"Ayi, amama. Kodi amake Miracle anabweza atabwereka paja?"

Imvani bwino pamenepo! Mwana amene ndinamuphunzitsa Malamulo Khumi ndi pakamwa pangapa anandipachika mlandu wa simbi. Mayi Eness anabwera kudzafunsa mwaulemu, ine n'kuyankha mopanda ulemu, pakuti mtima wanga ndi wapachala. Ndinati ndinabweza kalekale, ndipo ngati akundiyesa wakuba anene poyera. Kuyambira tsikulo tinayamba kupatsana moni wa pamphuno. Ku Mvano wina ankakhala benchi iyi, wina iyo. Zinandiwawa kwambiri.

Levi anaona kuti zadutsa bwinobwino, ndipo mtima wake unalimba. Anamuuza Lucious za chishango, mongodzitama chabe.

Lucious anadzuka pampando. "Chishango chenicheni cha Angoni? Mani, iwe ukugonera chuma! Tiye tichijambule."

"Ayi, chimenecho n'cha agogo. Madala akhoza kundipha."

"Ndani wanena zogulitsa? Tingoika chithunzi, tione kuti azungu anganene zingati. Kuona mtengo ndi tchimo? Tikaona, tichotsa."

Levi anabwereka kamera. Makolo atachoka anatsitsa thumba, anajambula chishango kutsogolo ndi kumbuyo, n'kuchibwezera. Pa kompyuta mtengo unayamba kukwera ngati madzi a Lingadzi nthawi ya dzinja. Levi akati tichotse, Lucious ankati, "Dikira pang'ono, taona winanso walowa." M'mawa mwake chimodzimodzi. Ndipo kunena zoona, Levi naye zinkamukomera. Tsiku lina magetsi anathima ku Kawale konse, monga mwa masiku amenewo. Pamene ankayaka, nthawi ya okushoni inali itatha, ndipo chishango chinali chitagulidwa ndi mzungu wina wa ku Jeremani.

Levi anagwira mutu. "Mulembere kuti tinalakwitsa."

"Wapenga?" anatero Lucious. "Pa okushoni nthawi ikatha, yatha. Ukapanda kutumiza, mzunguyo atilembera mbiri yoipa, nyenyezi zonse zigwa, ndipo palibe adzatigulenso. Ukufuna dziko lonse lidziwe kuti ndiwe wabodza? Madala ako chikopa chimenecho amadya? Chikungodyedwa ndi njenjete pamwamba pa wodilopu."

Taonani mmene Satana amagwirira ntchito. Mnyamata anaopa kutchedwa wabodza ndi anthu amene sanawaonepo, mpaka analolera kubera atate ake omubala.

Loweruka makolo anapita ku ukwati ku Biwi. Levi anatulutsa chishango, m'thumbamo n'kuikamo chidutswa cha pulayiwudi kuti lizioneka lodzaza. Ku kafe anapeza kuti ndodo ya chishango ndi yaitali, sikukwana m'katoni.

"Idule pakati," Lucious anatero. "Mzungu akalumikiza yekha."

Levi anabwerera kunyumba, anatenga sowo ya atate ake, n'kukadula ndodo imene agogo ake anaigwira moyo wawo wonse. Anamata katoni n'kuisiya pansi pa tebulo la Lucious, kudikira kuti Lolemba ipite ku positi.

Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, a Ngozo anatulutsa mpando pabwalo n'kuitana banja lonse. Ine ndinali kuseri kwa mpanda ndikuyanika zovala. Sindinkamvetsera dala ayi, koma mpanda wa udzu subisa mawu.

"Mukudziwa kuti mwezi wamawa tikupita ku Ntcheu ku mwambo wa chiliza cha agogo anu," anayamba motero. "Kudzavinidwa ngoma, monga ankakondera malemuwo. Ine bondo langali silindilolanso. Ndakambirana ndi abale anga, ndipo tagwirizana kuti chishango cha agogo adzanyamule ndi Levi. Kuyambira tsiku limenelo chidzakhala chake. Mwanayu watisangalatsa, wagwira ntchito ndi manja ake, sanatichititse manyazi."

Mayi Eness analulutira.

"Levi, katenge thumba lija, ndiyambe kukuphunzitsa kaponyedwe ka phazi."

Ndinasuzumira pa kabowo ka mpanda. Levi anali ataima ngati chitsa, thukuta lili kamukamu. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi thumba, n'kugwada nalo patsogolo pa atate ake. Anasolola yekha pulayiwudi ija n'kuiika pansi.

"Ababa, ndachimwa. Chishango ndagulitsa pa intaneti."

A Ngozo anayang'ana pulayiwudi ija, n'kufunsa:

"Chapita?"

"Chili kwa Lucious. Chipita mawa."

"Ndiye ukudikira chiyani pamenepo?"

Levi anathamanga ndi nsapato za ku tchalitchi zomwezo. Anapeza Lucious akutsegula kafe, ndipo atanena chimene wabwerera, mnzakeyo anaima pakhomo.

"Ukatenga katoniyo, iwe ndi ine basi. Nyenyezi zonse zija, aise! Ukuzitayira chikopa chowuma?"

"Nyenyezizo khala nazo. Tachoka ndidutse."

Anakankhana, katoni inang'ambika, anthu a pamsika anayamba kusonkhana. Lucious ataona kuti nkhani ituluka poyera, anapatuka akutukwana. Levi anadutsa m'Kawale monse masana dzuwa likuswa mtengo, chishango kudzanja ili, zidutswa ziwiri za ndodo kudzanja ilo, misozi ili chuchuchu. Ana ankamutsatira akuseka.

A Ngozo analandira chishango n'kuchisisita. Ataona ndodo yodukayo, misozi inagwa. Ine kuyambira ndiwadziwe bambo amenewo ndinali ndisanawaonepo akulira.

"Wadula ndi sowo yanga?"

"Inde, ababa."

"Mwana wanga, chinthuchi chinali chako kale. Ukanangodikira, ndikanakupatsa ndi manja awiri, anthu akululutira. Iwe wasankha kuchiba."

Levi anali adakali chigwadire. "Pali chinanso. Simbi ya amama ndinatenga ndine. Amake Miracle anabweza kalekale."

Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinazungulira mpanda zovala zonyowa zili paphewa. "Wati bwanji? Bwereza, ndimve ndi makutu onse awiri!" Ndinali nditakonza mawu okwana mtanga, koma mayi Eness anandigwira dzanja akulira, n'kuti, "Mnzanga, ndikhululukireni." Tinalira tonse, kenaka tinayamba kuseka ngati zitsiru.

Simbi sinabwerere. Ili kwinakwake kutsidya kwa nyanja, mwina pa shelefu, katambala kake kakuyang'ana azungu. Malonda a Levi anathera pomwepo. Mzungu wa ku Jeremani anabwezeredwa ndalama zake, koma analemba mbiri yoipa, ndipo Lucious anafalitsa kuti Levi ndi amene anamugwetsera bizinesi. Mnyamata uja anayamba kupala matabwa ku shedi ya atate ake.

Ndodo anailumikiza a Ngozo ndi guluu ndi kachitsulo. Levi anapempha kuti akulungepo chikopa kuti pasaoneke.

"Ayi," anatero atate ake. "Pakhale pomwepo, poonekera."

Ku Ntcheu ndinapita nawo, ndinakhala pafupi ndi mayi Eness pa lole, tikudya chinangwa chimodzi. Mapemphero atatha ndipo chiliza chitaonetsedwa, amuna anandanda ndi zishango ndi zibonga. Levi anali pakati pawo. Anavina bwino, mwana uja! Phazi likagunda pansi fumbi linkachita kobo, amayi tikuwomba m'manja ndi kululutira. Mtima wanga unadzaza.

Gule atatha, atate ake aakulu a Levi, mkulu wawo wa a Ngozo, anatenga chishango kuti achione. Chala chawo chinaima pa kachitsulo kaja.

"Leston, ndodo ya ababa yatani apa?"

"Funsani mwini wake," anayankha a Ngozo.

Levi anagwada pamaso pa abale onse n'kunena yekha, kuyambira pa simbi mpaka pa sowo. Sanabise kanthu. Akuluakulu anapukusa mitu, ena anadzuma. Pamapeto atate ake aakulu anamubwezera chishango n'kuti, "Tenga. Udzawauzenso ana ako akadzafunsa."

Ana inu amene mukuwerenga nkhaniyi, mverani ine. Malonda si tchimo, intaneti si tchimo. Koma kuba sikuyamba tsiku limene wanyamula chinthu cha mwini. Kumayamba tsiku limene wanena kuti, "Ndingoona chabe." Levi anangofuna kuona mtengo, ndipo anatsala pang'ono kutaya cholowa chake, chikondi cha atate ake ndi ubale wa nyumba ziwiri. Musasinthanitse chikhulupiriro cha makolo anu ndi matamando a anthu osakudziwani. Mukalakwa, ululani msanga katoni isanapite ku positi, chifukwa si onse amene Mulungu amawapatsa Lamulungu loti athamange ngati Levi. Ndipo dziwani kuti ngakhale mukhululukidwe, podulidwa pamaonekabe.

Lero Levi ndi kalipentala wodalirika, ndipo chishango chili pakhoma m'nyumba mwake, kachitsulo kali poyera. A Ngozo anakana kugula simbi ina mpaka mwana wawo atakwatira. Zaka zonsezo, Loweruka lililonse, ndinkamva kugogoda pachitseko changa.

"Odi, amake Miracle. Amama akuti mutibwerekeko simbi."

Ine ndinkamupatsa, n'kumuyang'ana m'maso. "Ubweze, wamva?"

Ndipo ankabweza tsiku lomwelo, idakali yofunda, yunifolomu yanga ya Mvano atandisitiranso.