Pomwe Msewu Sunasungunuke

Lachiwiri, 07:40, mvula itakokolola msewu watsopano wopita kukachipatala kena ku Bundabunda, phazi la munthu linaonekera m'mphepete. Wofufuza milandu Selestina Mwanza, amene tsitsi linamuyerera pa ntchitoyi, anafika akutitimira m'matope. Msewu wonse unali phala, koma pomwe panali mtembo piki inkanjanja ngati yamenya mwala.

Malemuyo anali Bwezani, woyeza dothi, amene anasowa mwezi wathunthu anthu akunyoza bwenzi lake Mirriam kuti wathawidwa. Kapitawo Ezron analoza chala Dingani, woyendetsa chigalimoto chotsendera msewu, poti nayenso ankafuna Mirriam. Pofika masana Dingani anali m'chitolokosi ku Chongwe, mlandu wakupha uli pamutu.

Mtima wa Selestina sunakhazikike. Mirriam, akulira, anamuuza kuti Bwezani sankadziwa mawu okometsera. Ankamufunsira pomuonetsa kuti dothi lamakande ukalisakaniza ndi laimu silisungunuka m'madzi.

Lachinayi, 10:15, m'chipinda chofunsira mafunso, Selestina anaika ndowa ya madzi pamaso pa Ezron n'kuponyamo zibuma zisanu ndi chimodzi zotapa m'malo osiyanasiyana a msewuwo. Zisanu zinasungunuka. Chimodzi, chotapa pomwe panali mtembo, chinangoti nji.

"Ba Ezron, munakamba ati laimu munathira msewu wonse."

"Mvula ya chaka chino, madamu..."

"Mvula imasankha? Makilomita folo, laimu ili pamtembo peka. Na kiyi ya kontena yosungira laimu muli nayo mweka."

Ezron anayang'ana chibumacho, kenaka anaulula. Laimu ankaigulitsa ku Lusaka, msewu n'kumautsendera dothi lokhalokha. Bwezani atayeza anazindikira, nati akanena kukhonsolo. Ezron anamukantha ndi fosholo kuseri kwa kontena anzawo ali ku chakudya, namukwirira m'mphepete mwa msewu, n'kukhuthulirapo matumba a laimu asanu ndi atatu otsala poganiza kuti laimu idya mtembo. Kutacha anatuma Dingani kuti atsendere, wosadziwa kanthu.

Selestina anaimirira mwaukali.

"Ambulasi inajomba m'matope pamsewu uja sabata yatha, muzimayi anabalira m'ngolo. Amoyo munawamana laimu, mwapatsa wakufa."

Dingani anatuluka 11:30. Sanapite kwawo. Anabwereka khasu n'kupita kukakumba nawo manda a Bwezani.