Mulu Umene Unakana Kutentha

Mulu wachisanu ndi chiwiri unakana kutentha. Pabwalo la manyowa la ku Makokola, pomwe ngolo zimatula masamba ndi udzu wotoledwa m'makomo, kapitawo Ayub ankazika ndodo m'mulu uliwonse m'mawa. M'milu ina yonse ndodoyo inkatuluka ikufuka nthunzi. Uwu wokha unali zii ngati madzi a mumtsuko.

Ayub ankaudziwa bwino muluwo. Masamba ake ambiri anachokera pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya amayi ake, a Mwanamvua, amene kwa zaka ankakaniza aliyense kusesapo. Iye ankati ndi makani a ukalamba basi. Tsiku lina mayiwo atapita kumaliro ku Malindi, anatumiza ngolo nakokolola zonse, ndi dothi lakuda lapansi lomwe.

Kenaka alonda anayamba kunong'ona. Ati usiku kumamveka kupalasa, pang'onopang'ono, ngati nkhuku, ndipo kukacha m'mbali mwa muluwo mumapezeka mizere ya zala. Mmodzi anasiya ntchito osatsanzika.

Usiku wachitatu Ayub anabisala kuseri kwa ngolo. Mdima unali wa ndiweyani, fungo la zowola lili guu. Kupalasa kuja kunayamba, kuleka, kuyambanso. Atayatsa tochi, anaona amayi ake atagwada, akuwolera dothi m'lichero.

"Amayi, mukutani kuno?"

"Zimitsa," ananong'ona. "Ndikutenga mlongo wako. Iwe usanabadwe ndinapita padera. Tinamuika pansi pa mtengo uja, akazi okhaokha. Amuna sauzidwa."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinati pasasesedwe. Sizinakwane?"

Ayub analira ngati mwana. Kutacha anabweza mulu wonse, ngolo zinayi, nauyala pansi pa mtengowo ndi manja ake. Koma anali atautembenuza kale kawiri, dothi lija litasakanikirana ndi zinyalala za makomo makumi atatu. A Mwanamvua anangoyang'ana. Mphepo ya usiku inali itawalowa m'chifuwa, ndipo mwezi usanathe anawaika m'manda.

Pomwe panali muluwo Ayub sanaunjikeponso kanthu. M'mawa wina anabwera kwa iye mlonda watsopano wochokera ku Katuli, amene nkhaniyi sankaidziwa.

"Akapitawo, agogo amene amapalasa pabwalo apa usiku ndi a kwa yani? Ndawauza kuti apa palibe kanthu, koma akuti sanamupeze."