Ndani Akulira m'Chumuni?

Wezi ndi mtsikana wa ku Misuku. Wezi ali ndi mphaka wamng'ono. Mphakayo ndi woyera mbee. Dzina lake ndi Sopo.

Tsiku lina m'mawa, Sopo anasowa.

Wezi anaika usipa m'thumba la diresi. Sopo amakonda usipa. Wezi anamufuna pansi pa bedi. Panalibe Sopo. Anamufuna m'munda wa khofi. Munalibe Sopo. Anamufuna ku nthochi. Kumeneko anapezako nkhuku, koma nkhukuyo sinafune kuyankha mafunso.

"Sopo! Pusi, pusi, pusi!"

Zii.

Kunja kunkazizira koopsa. Nkhungu inali itameza mapiri onse. Mphepo inkalowera kukhutu, n'kutulukira kumphuno.

Nyumba ya kwa a Wezi ili ndi chumuni, potulukira utsi. Koma si chumuni wamba. Anachimanga ndi malemu Agogo, bambo awo a Amama. Kalekale Agogo ankamanga nyumba ku Beira. Ankagwira ntchito ndi mmisiri wina wa Chipwitikizi. Mmisiriyo ankati kwawo, m'mbali mwa nyanja yamchere, chumuni amachikongoletsa ngati mkwatibwi. Agogo anamva. Agogo anasirira. Atabwerera kumudzi, anamanga chawo.

Chumunicho n'chachitali. N'choyera ndi laimu. Pamwamba pali ngati kanyumba, kokhala ndi kadenga kake. Kanyumbako kali ndi timabowo tambiri. Tina ngati masamba. Tina ngati maluwa. Utsi wa anthu ena umatulukira paliponse. Utsi wa kwa a Wezi umatulukira pawindo, ngati bwana.

Wezi analowa m'nyumba, manja ali zii. Mlongo wake wakhanda, Samuel, ankatsokomola.

"Kho! Kho! Kho!"

"Mwanayu wazizidwa," anatero Amama. "Lero tisonkha moto pachumuni. Chaka chino sitinasonkhepo."

Pampando panali Asibweni Brave, mlongo wawo wa Amama. Iwowa amabwera m'mawa uliwonse kudzaona mwana. Mwana amamuona pang'ono. Tiyi amamuona kwambiri. Dzina lawo akuti limatanthauza kulimba mtima. Eya, dzinalo ndi lolimba ndithu.

Amama anatenga nkhuni. Anagwada pansi pa chumuni. Ndiye kunamveka mawu.

"Huuuu!"

Amama anaima.

"Huuu-wuuu!"

Mawuwo ankachokera m'chumuni, m'mwamba, mumdima.

"Kadzidzi!" anakuwa Asibweni. Tiyi pansi khuthu! Iwo kuseri kwa chitseko psiti!

Amama anamukumbatira Samuel. Nkhope yawo inasintha.

"Kadzidzi panyumba, mwana akudwala? Ayi. Ine zimenezi sindikuzifuna."

"Timufukize," anatero Asibweni, ali kuseri kwa chitseko komweko. "Masamba ouma a nthochi. Tsabola wambiri. Atuluka yekha akuyetsemula."

Wezi anatchera khutu.

"Huuu-wuuu... au."

Kumapeto kwa kulirako kunali kamawu kena. Kamawu kakang'ono. Kamawu kotopa. Wezi anakazindikira.

"Amama, ndi Sopo!"

"Sopo?" Asibweni anasuzumira. "Mphaka kulira huuu? Ndiye kuti inenso ndimaikira mazira."

"Ndi mphepo, Asibweni. Ikuwomba m'timabowo. Ikusokoneza mawu ake."

Koma palibe anamumvera. Asibweni anathamangira panja. Anabwera ndi masamba ouma. Anabwera ndi tsabola wodzaza manja. Anaunjika zonse pansi pa chumuni.

Wezi anayang'ana tsabola uja. Utsi wa tsabola umawawa. Munthu wamkulu amathawa. Nanga kamphaka, m'malo mopanikiza, kathawira kuti? Utsi ukakwera, Sopo sapuma. Sopo afa.

Asibweni anatulutsa machesi.

Tswe! Machesi anazima.

"Anyowa ndi nkhunguyi," anadandaula.

Tswe! Anazimanso.

Tswe! Ulendo uno kamoto kanayaka. Kanayaka bwinobwino. Dzanja la Asibweni linayamba kutsika.

Wezi anauzira. Fuu! Kamoto kanazima. Kenaka analumpha, n'kukhala pamasamba paja. Pamwamba pa tsabola penipeni.

"Iwe! Choka apo!" anakalipa Amama.

"Sindichoka, Amama."

"Wezi!"

"Chonde, Amama. Ndikangosuzumira kaye pamwamba. Akakhala kadzidzi, ndichoka ndekha."

"Kho! Kho! Kho!" anatsokomola Samuel. Timilomo take tinkanjenjemera.

Amama anayang'ana Samuel. Anayang'ana Wezi. Misozi ya Wezi inali italengeza.

"Fulumira," anatero Amama. "Mwanayu sangadikire. Achimwene, kagwireni makwerero."

"Ine?"

"Inu nomwe. Si inu olimba mtima?"

Anatenga makwerero amene Amama amakwerapo popaka laimu. Anawatsamiritsa kuchipupa cha chumuni. Asibweni anagwira zolimba, maso ali tsinzinu.

Wezi anakwera. Mphepo inamukoka diresi. Anakwera. Makwerero anali onyowa, oterera. Anakwera. Pansi sanayang'ane.

Anafika pa kanyumba kaja. Anaika diso pa kabowo kangati duwa.

Mdima.

Kenaka maso awiri. Akuluakulu. Owala.

Wezi anatsala pang'ono kutaya makwerero. Sopo ali ndi maso owala. Koma kadzidzi nayenso ali ndi maso owala. Nanga akamujompha diso?

"Waona chiyani?" anafunsa Asibweni ali pansi.

"Maso."

"Mayo ine! Tsika!"

Wezi sanatsike. Anapisa m'thumba. Anatulutsa kausipa kamodzi. Anakaika pakamwa pa kabowo.

Zii.

Ndiye panatuluka kaphazi. Kaphazi kaubweya, kofewa. Kanakoka usipa uja, tsomphu!

"Nyaaau!"

"Ndi Sopo! Amama, ndi Sopo!"

Amama anatuluka, Samuel ali kumsana. Asibweni anatsegula diso limodzi.

"Inetu ndinadziwa kale," anatero. "Ndimangokuyesani."

Sopo anali atakhala pa kanjerwa kotulukira mkati. Kanjerwa kakang'ono zedi. Anafikapo bwanji? Anakwera yekha, kulondola khoswe. Kukwera anatha. Kutsika kunamukanika. Timabowo nato tinali tating'ono. Kaphazi kankatuluka, koma mutu ayi.

"Ndikatenge nyundo," anatero Asibweni. "Tigumule kadengako."

"Ayi!" anakuwa Wezi. "Njerwa zigwera mkati. Zimuphwanya Sopo."

"Ndipo chumuni cha Adada simuchikhudza," anatero Amama.

"Kho! Kho! Kho!"

"Wezi, mwana wanga," anatero Amama motsitsa. "Moto ukufunika tsopano."

Wezi anaganiza. Anayang'ana kabowo. Anayang'ana pabwalo. Anaona chingwe choyanikapo zovala.

"Ndipatsireni chingwe icho!"

Amama anamasula chingwe. Anamangirira kamwala kunsonga. Anachipereka ndi nsungwi. Wezi analowetsa kamwala pa kabowo. Kamwala kanatsika m'chumuni. Kanatsika, kanatsika, mpaka pamasamba paja, go!

"Tsopano mumangirire chinthu choti Sopo akweremo," anatero Wezi. "Ine ndikoka."

Amama anathamangira m'nyumba. Anayesa dengu. Dengu linakula. Anayesa poto. Poto analemera. Anatulukanso. Anayang'ana uku ndi uku. Maso awo anaima pamutu pa Asibweni.

Pamutupo panali chipewa chaulusi, chofiira. Asibweni sachivula. Kumunda ali nacho. Kumsika ali nacho. Ena amati amasamba nacho.

"Ayi," anatero Asibweni. "Ayi, ayi. Chipewa changa ayi."

"Chonde, Asibweni," anatero Wezi ali m'mwamba. "Chonde."

Asibweni anausa moyo. Anavula chipewa pang'onopang'ono. Eee! Dazi linawala ngati mbale yotsuka kumene.

"Wina angoseka," anatero.

Palibe anaseka. Nthawi yake panalibe.

Amama anagwira makwerero. Asibweni analowa m'nyumba. Anapinda kawaya, n'kuika kukamwa kwa chipewa kuti chisatsekeke. Anaikamo usipa. Anamangirira kuchingwe.

"Koka!" Mawu awo anakwera m'chumuni.

Wezi anakoka. Koka, koka, koka. Chipewa chinakwera. Chinafika pa kanjerwa kaja.

Sopo ananunkhiza. Anabwerera m'mbuyo. Ananunkhizanso.

"Lowa, Sopo. Lowa, mnzanga."

Sopo sanalowe.

Zala za Wezi zinauma ndi chisanu. Mikono inawawa. Pansi Samuel ankatsokomola. Wezi anadziwa kuti Amama akudikira.

"Pusi, pusi, pusi," ananong'ona Wezi. "Usipa wako uwo. Wonsewo ndi wako."

Mwadzidzidzi chingwe chinalemera.

"Walowa!"

"Tsitsa pang'onopang'ono," anatero Amama.

Wezi anatsitsa pang'onopang'ono. Chingwe chinkakhula panjerwa. Kwee, kwee. Chinali chingwe chakale, chodyeka ndi dzuwa. Kaulusi kamodzi kanaduka, thi! Kena kanadukanso, thi!

"Asibweni! Chingwe chikuduka!"

"Chiyani?"

"Chikuduka! Muwakheni Sopo!"

Asibweni analowetsa mutu m'chumuni. Munali mdima bii. Koma sanathawe. Anakweza manja onse awiri.

Kwee. Kwee. Thi!

Chingwe chinapepuka m'manja mwa Wezi.

M'nyumba munamveka phuu! Kenaka zii.

Wezi anatsika makwerero. Anathamanga. Amama pambuyo. Analowa m'nyumba.

Pansi panali mwaye wokhawokha. Pakati pa mwayewo panakhala munthu wakuda bii. Dazi lakuda. Makutu akuda. Maso okha ndiwo ankaphethira. Pachifuwa pake anali atakumbatira chipewa.

"Asibweni, Sopo ali kuti?"

Chipewa sichinagwedezeke.

"Sopo?"

Chipewa chinagwedezeka pang'ono. Munatuluka khutu lakuda. Munatuluka mutu wakuda, mchira wa usipa uli kukamwa.

"Pepa, mwana wanga," anatero Asibweni. "Uyu si wako. Wako ndi woyera."

"Etsi!" anayetsemula mphaka.

"Etsi!" anayetsemula Asibweni.

Wezi anamunyamula Sopo. Anamukumbatira zolimba. Kamtima ka Sopo kankagunda ti, ti, ti. Diresi linada, koma Wezi analibe nazo ntchito.

"Yewo, Asibweni. Yewo chomene," anathokoza Wezi. "Simunathawe."

"Kuthawa ndinafuna," anatero Asibweni. "Miyendo ndiyo inakana."

Apo ndiye Amama anaseka. Anaseka mpaka kugwira khoma.

Wezi anachotsa tsabola yense, n'kukamutaya kutali. Amama anayala nkhuni. Anayatsa machesi ouma a kukhitchini. Tswe! Moto unayaka. M'nyumba munayamba kufunda. Amama anakhala pafupi, Samuel ali pamiyendo. Timilomo take tinasiya kunjenjemera. Chifuwa chinakhala pansi. Anayasamula, n'kugona.

Asibweni anasukusula. Dazi linawalanso. Koma linkazizidwa.

"Chabwino," anatero, akusisita mutu. "Ntchito yatha. Chipewa changa chili kuti?"

Wezi analoza pafupi ndi moto. Chipewa chinali pomwepo. M'kati mwake munali Sopo, atadzipinda, mimba ili tuu ndi usipa.

Asibweni anatambasula dzanja.

"Shii, Asibweni," ananong'ona Wezi. "Mwini wake wagona."