Makwerero Amene Shakila Sanawotcherere

Lachiwiri m'mawa, Shakila Abudu akusita ovololo yake kunyumba kwawo ku Rutendo, foni inalira. Anali kapitawo wa pa kamgodi kena ka golide ku Shurugwi. Anati makwerero amene Shakila anawotcherera aguluka, munthu wagwa n'kuthyoka mwendo. Nambala imene anasiya kuofesi sikugwira, choncho iyi aipeza pa intaneti. Abwere adzafotokoze.

Shakila anaika simbi pansi. Ku Shurugwi anali asanapondeko chibadwire.

Mtsikanayu anali m'chaka chomaliza cha maphunziro owotcherera zitsulo pa koleji ina ku Gweru. Mphunzitsi wawo, a Yosiya, anauza ophunzira onse kuti aliyense atsegule tsamba pa intaneti loonetsapo ntchito zake, kuti olemba ntchito azimudziwa asanamuone. Shakila anaikonda nzeruyo. Geti lililonse, zenera lililonse, ankajambula n'kuika. Tsiku lina mwachimwemwe anaikanso chithunzi cha satifiketi yake yoyamba, nambala ya chitupa ikuoneka bwinobwino.

Bambo ake, Che Abudu, amene anakalambira m'fakitale ya zitsulo, anamvetsera nkhani yonseyo. Kenaka anavala chisoti chawo.

"Dzina limenelo ndi langanso, mwanangu. Tiye."

Anakwera kombi, minibasi ya kumeneko, ndipo pofika masana anali pa polisi ya ku Shurugwi. Nkhaniyo inali m'manja mwa Sajeni Ngonidzashe, bambo wosapupuluma. Anaitanitsa kapitawo uja. Kapitawoyo atalowa anamuyang'ana Shakila, n'kuyang'ananso mapepala a wantchito wawo amene anabwera nawo kuchokera kumgodi, kenaka anapukusa mutu. Dzina linali lomwelo, nambala ya chitupa yomweyo, zithunzi za mageti zomwezo. Koma mtsikana amene anagwira ntchito kwa iwo miyezi isanu ndi iwiri sanali uyu.

Shakila anatsegula tsamba lake. Tsiku limene makwerero anawotchereredwa, iye anali ataika vidiyo akuwotcherera m'kalasi ku Gweru, a Yosiya ataima pambali.

"Uyu ndi wamanzere," anatero kapitawo, maso ali pa vidiyo. "Wathu uja amagwira ndi lamanja."

Sajeni anafunsa ngati pali wina amene ankalikonda kwambiri tsambalo. Shakila anatsika nawo m'munsi mwa zithunzi, pomwe anthu amalemba ndemanga. Dzina limodzi linkabwera paliponse. Yeukai, mnzake amene analekera sukulu panjira chaka choyamba, sankaphonya chithunzi. Ankafunsa kuti chitsulochi n'chokhuthala bwanji, moto unali wochuluka motani. Shakila ankamuyankha zonse, akuganiza kuti mnzakeyo akufuna kubwerera kusukulu.

Kapitawo ataona nkhope ya Yeukai pambali pa ndemangazo, anangogwedeza mutu kuvomereza kuti ndi yemweyo.

Apolisi anapita kumene Yeukai ankachita lendi. Mwini nyumba anati wachoka ndi chikwama posachedwa pomwepa, akuti amayi ake adwala. Anakamupeza pokwerera mabasi a ku Zvishavane, atakhala pa chikwama chakecho, akudya chimanga chootcha. Sanathawe. M'chikwamamo munali chitupa chabodza, nkhope yake, dzina la Shakila.

Ku polisi, atsikana awiriwo anakhala moyang'anana. Shakila ankayembekeza kuti akwiya, koma anangomva kutopa. Anafunsa funso limodzi lokha, chifukwa chake.

"Iwe unali ndi zoonetsa," anayankha Yeukai motsitsa mawu. "Ine ndinalibe kalikonse. Ndinkaganiza kuti ntchitoyo ndiiphunzirira konko."

"Nanga munthu wathyoka mwendoyu?"

Yeukai anayang'ana pansi.

Sajeni anamuuza milandu yake: kupanga chitupa chabodza, kupeza ntchito mwachinyengo, ndiponso kuvulaza munthu mosasamala. Anati mawa akaonekera kukhoti. Kenaka anatenga cholembera.

"Dzina lanu?"

"Shak..." Mtsikanayo anadziluma mlomo.

"Yeukai," anatero. Sajeni analemba.