Vayolini ya m'Kabati ya Galasi

Lolemba, nthawi ili 7:40 m'mawa, a Guluu anatsekula kabati ya galasi. M'kabatimo munali vayolini ndithu. Koma sinali ija.

Pasukulu yaikulu ya dziko yophunzitsa nyimbo aliyense ankawatcha a Guluu, chifukwa malaya awo sankatha fungo la zomatira matabwa. Anali mmisiri wokonza zida zoyimbira. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi anakhala m'kachipinda ka kuseri kwa holo, kumata magitala ong'aluka, kuwongola malipenga opindika ndi kusintha nsambo zoduka. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse ankapukuta vayolini ya woyambitsa sukuluyo.

Mbiri ya vayoliniyi mwana aliyense wa chaka choyamba ankailoweza pamtima. Sukulu inayambira m'nyumba yosungiramo katundu, ndi ophunzira asanu ndi awiri, mabenchi awiri ndi vayolini imodzi. Patapita zaka khumi boma linaitenga, n'kumanga holo, maofesi ndi mpanda. Zonse za masiku oyambawo zinawola, kupatula vayolini ija. Lachisanu la sabata yomweyo sukulu inkakwanitsa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo nduna inali italonjeza kubwera kudzaiona.

Yeniyeniyo inali yoderako, ndi chipsera pansi pa khosi pamene a Guluu anamata ndi manja awo. Nsambo zake zinkakhala zokhwefuka nthawi zonse, poti thabwa linali litakalamba, losapirira kukokedwa. Iyi inali yopakidwa polishi wa nsapato kuti ioneke yakale, ndipo nsambo zonse zinayi zinali zokungika.

Manja anachita zimene anazolowera mutu usanaganize. Anakhwefula nsambo zija, kamlatho kozichirikiza kanagwa chagada pamimba pa vayolini. Anakhoma kabati n'kuthamangira ku ofesi.

Mkulu wa sukulu anali mayi amene ana anamupatsa dzina loti Chidindo, pakuti ngakhale tsache silinkagulidwa popanda chidindo chake. Anamvetsera nkhaniyo osawapatsa a Guluu mpando.

"Makiyi a kabati alipo angati?"

"Awiri, mayi. Wanu ndi wanga."

"Wanga nawu," anatero, akutulutsa chingwe cha m'khosi mwake. "Ndiye mukufuna kunena kuti ndaba ndine?"

"Ayi, mayi. Ine ndangobwera kudzanena."

"Mwanena. Imani pomwepo."

Anatenga foni.

Pofika 9:15 insipekita wa polisi anali atafika ndi anyamata ake awiri. Anali munthu wamfupi, wonenepa khosi, wosakonda kufunsa funso kawiri. Anajambula kabati ndi foni yake, analanda kiyi wa a Guluu n'kumuika mu envulopu. Kenako anafunsa ngati pali amene anaonapo chachilendo.

Apa ndi pamene Khutu anatsokomola. Khutu anali wachiwiri kwa mkulu wa sukulu, mphunzitsi wa vayolini amene anakaphunzira kunja. Munthuyu sankatha kudutsa pamene nsambo yaphonya. Ankaimitsa mwana pakhonde, kumulanda chida, kuchichuna, n'kumubwezera ndi chipongwe pamwamba. Ali wophunzira analibe ngakhale nsapato zovala pamayeso, ndipo a Guluu ndi amene anamubwereka zawo.

"Sindifuna kuipitsa munthu," anatero Khutu, maso ali pansi. "Koma Loweruka masana ndinawaona madalawa akutuluka muno ndi bokosi la vayolini."

"Inali ya mwana wa chaka chachiwiri, bwana," anatero a Guluu. "Ndinali nditaimata, ndinkakaiumitsa kunyumba. Si inu nomwe munandituma?"

"Ine? Sindikukumbuka."

Unyolo unalira m'manja mwa a Guluu. Anawadutsitsa pakhonde lonse ana akuonerera, ndipo m'chipinda china wina anapitiriza kuyimba piyano ngati palibe chachitika.

Kupolisi insipekita sanataye nthawi. Anawakhazika pampando, anawauza kuti ayale manja patebulo.

"Mwaigulitsa kwa ndani?"

"Sindinabe, bwana."

"Pakamwa pakukana. Tifunse manjawa, ndi amene akudziwa."

"Bwana, menyani pena paliponse. Manjawa ndi amene ndimadyera."

Kunena zimenezo kunali kulakwitsa kwakukulu, chifukwa munthu wankhanza sumuuza pamene pakupweteka. Ndodo inatsika pa dzanja lamanja, kenako lamanzere, kenako lamanja. A Guluu anamva chala chikuthyoka ndipo anachizindikira kulira kwake, poti anali atamva matabwa ambiri akuthyoka chimodzimodzi. Pofika madzulo zala zinali zitatupa ngati nthochi. Dzina la wogula sanatchule, popeza analibe.

Lachiwiri masana akazi awo anabwera ndi chakudya m'kambale. Ataona manjawo anakhala pansi pasimenti. Kenako anayamba kuwadyetsa ndi supuni kudzera pazitsulo, ngati mwana.

"Abambo, kwabwera kalata."

"Yochokera kuti?"

"Ku ofesi. Ya chidindo. Akuti ntchito mwaimitsidwa, ndipo nyumba ya sukulu tituluke pofika Lachinayi. Akuti alendo a Lachisanu asadzaone banja la wakuba mkati mwa mpanda."

"Aphunzitsi aja palibe wabwera kudzakuonani?"

"Akandiona akumawoloka msewu. A Khutu okha ndiwo anabwera. Anati pepani, n'kuyeza mawindo ndi maso. Akuti m'nyumbamo mudzalowa mlamu wawo."

A Guluu sanalire pamene ankamenyedwa, koma apa misozi inatsika. Zinawawawa kuti zaka zonse zija ankadziyesa munthu pasukulupo, pamene anali ngati tsache la kuseri kwa chitseko.

Lachitatu 10 koloko insipekita anawakweza m'galimoto. Ankafuna akamuonetse mmene anatsekulira kabati, kuti fayilo ikwane asanapite kukhoti. Inali nthawi yopuma, ndipo khonde linadzaza ana ndi aphunzitsi. Mayi Chidindo anaima pakhomo la ofesi atapinda manja. Khutu anaima pambali pake, tayi ili bwinobwino.

A Guluu anayang'ana m'kabati, n'kuyang'ananso.

"Bwana, kabatiyi mwaitsekulapo chichokereni ine?"

"Iwe ndiye wayamba kufunsa mafunso?"

"Chonde, onani chithunzi chanu cha Lolemba."

Insipekita anali wankhanza, koma sanali chitsiru. Anatulutsa foni. Pachithunzi nsambo zinali lende, kamlatho kali chigonere. M'kabati kamlatho kanali chilili, nsambo zinayi zokungika bwino.

"Mayi, mwatsekula ndinu?"

"Kiyi wanga sanachoke m'khosi muno," anatero Mayi Chidindo. "Ndimasamba naye."

"Wa madalawa ali mu envulopu yanga." Insipekita anakanda chibwano. "Ndiye kuti pali kiyi wachitatu. Koma wakuba wanzeru zake angabwerere kudzamanga nsambo za chinthu chabodza? Kuti apindulenji?"

"Sanafune kupindula, bwana. Zinkangomuyabwa. Pali anthu ena sangadutse kakhumi patsiku pamene kamlatho kagwa."

"Pano onse ndi oyimba. Ndigwire sukulu yonse?"

"Ayi. Tumani munthu akatenge kamphanda patebulo langa."

Kamphanda kanali kachitsulo kakang'ono ka nthambi ziwiri, kamene ukakagogoda kamalira liwu limodzi losasintha. Kanali ka woyambitsa sukulu. Lamulo loyamba m'buku la malamulo a sukuluyo linkati chida chilichonse chizichunidwa potsata kachitsulo kameneka, ngakhale liwu lake linali lotsikirapo pang'ono poyerekeza ndi la masukulu akunja. Aliyense pamenepo anakula ndi liwu limenelo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalinyoza. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ankalembera komiti yoyang'anira sukulu kuti lamulolo lichotsedwe, komiti n'kumakana, iye n'kumachunabe zida zake mokwera monga anazolowera kunja.

Insipekita anatsekula kabati. A Guluu anatambasula dzanja kuti akhudze nsambo, koma zala zinakana kupindika.

"Mundithandize ndinu, bwana. Gogodani kachitsuloko pabondo, mukaimike pathabwa la kabati. Kenako mukoke nsambo yachiwiri."

Kamphanda kanalira. Nsambo inalira pambuyo pake.

"Ine ndikumva chimodzimodzi," anatero insipekita.

Koma anali yekha wosamva pakhonde lonselo. Ana anakwinya nkhope ngati alawa ndimu. Mphunzitsi wa malipenga anatseka diso limodzi. Mitu inatembenuka, umodzi umodzi, mpaka maso onse anatera pa munthu mmodzi.

"Zamkutu," anatero Khutu. "Nsambo imakwera yokha kukatentha."

"Imadziimikiranso kamlatho yokha?" anafunsa insipekita. "Tabweretsani makiyi anu, aphunzitsi."

"Mukudziwa kuti mukuyankhula ndi ndani?"

"Makiyi."

Pamulu wa makiyi akale panali mmodzi wonyezimira, wosula kumene. Analowa m'loko wa kabati ngati kwawo. Khutu anayamba kufotokoza kuti Mayi Chidindo anamubwereka wawo tsiku lina mwezi watha, kwa ola limodzi lokha, pokonzekera mwambo. Mayiyo anayang'ana kudenga.

Nthawi ya 11:20 anatsekula ofesi ya Khutu. Kuseri kwa shelefu ya mabuku a nyimbo kunali bokosi lomata kale mapepala a ulendo, poti gulu loyimba la sukulu linkayenera kupita kunja mwezi wotsatira, ndipo mabokosi a oyimba sasechedwa kwenikweni. M'foni mwake munali mauthenga a munthu wina wakunjako wosonkhanitsa zida zakale, wofunsa ngati katundu wapakidwa.

Insipekita anatsekula bokosi. A Guluu anasuzumira, n'kubuula ngati alasidwa.

Vayolini ya woyambitsa inali momwemo. Nsambo zake zinali zitakungidwa, ndipo khosi linali litazuka pa chipsera chija, n'kung'amba thabwa mpaka kumsana.

"Munaikunga," anatero a Guluu, akuyang'ana Khutu. "Inu, bwana, amene mukudziwa."

"Ndinangofuna kuimva kamodzi isanapite," anatero Khutu. "Kamodzi kokha, pa liwu loyenera. Zaka zonsezi yakhala ngati mtembo m'galasimo."

"Inalira?" anafunsa a Guluu.

Khutu anatembenuzira nkhope kukhoma.

Insipekita anamasula unyolo m'manja mwa a Guluu, osasamala kuti ukukhula potupa, n'kuumanga m'manja mwa Khutu. Kupepesa sanapepese. Anangoti, "Madala, mukanatiuza Lolemba zimenezi, bwenzi tisanavutane." Anamukankha Khutu kutsika masitepe, kudutsa pakhonde lomwe lija, mpaka m'galimoto. Ana amene ankawalanda zida anamuperekeza ndi maso mpaka pageti, ndipo wina anaimba mluzu.

Galimoto itapita, Mayi Chidindo anawomba m'manja kuti aliyense abwerere m'kalasi. Anatseka chitseko cha ofesi ya Khutu, n'kutsala awiri ndi a Guluu, bokosi lili pakati pawo.

"Nkhani iyi ithere m'chipinda muno," anatero. "Nduna isamve kuti vayolini yawonongeka. Kalata ija ndiing'amba, nyumba mukhalebe. Zinachitikazi tiziiwale, tonse ndife anthu."

Mayiyo anasendera pafupi ndi bokosi.

"Dziko lonse lino palibe wina angaikonze, mukudziwa inunso. Lero ndi Lachitatu. Mukayamba panopa, pofika Lachisanu m'mawa ikhala itauma?"

Anawakankhira bokosi lija. A Guluu anayang'ana mng'alu uja. Ankadziwa zonse zofunika: guluu wake, kutentha kwake, pogwira, pofinya, ndi masiku ake oumira. Anakweza manja awo n'kuwaika patebulo pafupi ndi vayolini, zala zakuda, zitatu zitaloza kumene chala sichiloza.

Mayi Chidindo anawayang'ana manjawo koyamba chiyambire Lolemba. Anawayang'anitsitsa, n'kupumira m'mwamba.

"Ndiye kuti simungathe?"

"Ngakhale batani la malaya, mayi."

Mayiyo anatseka bokosi n'kulikwapatira m'khwapa. Atafika pachitseko anatembenuka.

"Basi, tiika yabodza ija, nduna sidziwa kusiyanitsa. Koma mumvetse, bambo, nyumba ija ndi ya mmisiri wogwira ntchito. Kalata ija ikhale momwemo. Lachinayi ndi mawa."