Mandasi a Fanulo a Zelesi

Mwamva zimene akunong'onezana ku Lisasadzi? Ati Zelesi, mwana wa a Simeon aja amaphikira alendo ku Lifupa, amathira kondaine m'mandasi ake! Ati ndi mmene anamugwirira Fredson, kalaliki wa pa esiteti ya fodya. Kuchitsime nkhani ndi yomweyi, kuchigayo ndi yomweyi. Ngakhale m'zigafa, amayi osoka fodya akangotchula Zelesi, singano zimayamba zaima. Koma onong'onawo sanena mmene zinayambira. Imvani tsono.

Linali Loweruka, tsiku la msika. Zelesi anaiwala khadi la chipani m'thumba la diresi lina, ndiye ayufi a pageti anamubweza ngati mbuzi yolowa m'dimba. Anangokakhala pa siteji ya basi ndi beseni lake, misozi ili lengelenge. Basi ya ku Boma itaima, munatsika mnyamata wa malaya oyera, mabolopeni awiri pathumba, tsitsi atapesa ndi mzere.

"Achemwali, izi ndiye chiyani? Zisa za atchete?"

"Ndi mandasi."

"Mandasi opiringizika chonchi? Mwachita kuluka?"

Zelesi anaseka asakufuna. Paja mandasi ake si aja obulungira a aliyense ayi. Ndi a fanulo, yonga ija timathirira palafini mu nyali, koma yakeyo ndi ya mandasi okha. Anamuphunzitsa ndi bambo ake, ndipo dera lonse lino wodziwa kuwapanga ndi iye yekha.

Mnyamata uja analuma limodzi n'kutsinzina.

"Mayo ine! Dzanja limene lapanga izi lili ndi mwini wake?"

"Lili naye. Ndine ndemwe."

"Ndiye mwini wakeyo ndikumufuna. Ine ndine Fredson."

Kuyambira pamenepo, Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi, njinga ya Fredson inkatsamira mpanda wa kwa a Simeon. Mwini wake ankakhala pakhomo pa khitchini, kuonerera. Zelesi ankamenya mazira awiri, kuthira mkaka, fulawa, shuga, kamchere ndi kasoda, n'kutakasa mpaka phala lizitsika pa supuni ngati uchi. Akadontheza pang'ono m'chiwaya n'kuona kuti kayandama msanga, ndiye kuti mafuta apsa. Apo ankatseka kunsi kwa fanulo ndi chala, kudzaza phala, n'kuchotsa chala chija, dzanja likuzungulira, kupita uku, kubwerera uku, mafuta ali tswee! Likafiira ankalitembenuza ndi mafoloko awiri, kulivuula, n'kuwaza shuga amene anasinja mumtondo mpaka kusalala ngati ufa woyera.

"Zele wanga, dzanja lakolo ndi la mngelo."

"Bodza, a Fredson. Inu mumakonda mandasi, osati ine."

"Pali Mulungu, Zele! Ukadzandisiya ndidzauma ngati fodya wa m'chigafa!"

Nanga makalata! Fredson akamupeza pamsika ankabisa kalata pansi pa nsalu ya beseni: "Duwa langa, shuga wa mtima wanga, ndikamayeza mabelo pa sikelo ndimangoona maso ako. Fodya akangopita ku okushoni, iwe ndi ine ukwati woyera. Wako mpaka kumanda, Fredson."

Abale inu, mtsikana wake uti sangagwe?

Chikole chinaperekedwa, mpango wa maluwa ofiira ndi ndolo. Atsibweni ake a Zelesi, a Lameki, anakumana ndi akuchimuna, nkhani n'kuyenda bwinobwino.

Fodya anapita ku okushoni. Njinga ija ndiye inasiya kubwera.

Sabata yoyamba Zelesi anati mwina ntchito yachuluka. Yachiwiri anati mwina ndi malungo. Yachitatu anaona zachilendo: pamsika anthu ankalambalala beseni lake. Mayi wina anamenya dzanja la mwana wake amene analoza mandasi.

"Siya iwe! Ufuna uzikagona pakhomo pawo ngati galu?"

Azibambo a pa bawo nawo ankakuwa ali patali.

"Zelesi, tisankhire la mankhwala ochepa, tili ndi akazi kunyumba!"

Zelesi ankabwerera ndi beseni lodzaza, mandasi atafota, nkhuku ndi zimene zinkakondwa. Kukwaya anzake anasuntha, iye n'kutsala yekha pa benchi. Anayambitsa ndani? Palibe ankanena. Aliyense ankangoti anamva kwa wina.

Yankho linabwera lokha, litavala gogoda.

Linali Lachinayi m'mawa, Zelesi ali pamoto, fanulo ili m'manja. Pakhomo panaima Jenala, mwana wa mwini golosale ndi chigayo ku Mwase, uja anafika Folomu 2 n'kuyamba kuyankhulira m'mphuno. Sanaodire n'komwe.

"Ndiwe Zelesi wa mankhwala uja?"

"Ndine Zelesi. Kwanu sanakuphunzitseni kuodira?"

"Ndiodire pakhomo pa mfiti? Tamvera, ndabwera kuti umumasule mwamuna wanga."

"Mwamuna wanu wake uti?"

"Usadzipusitse! Fredson. Chinkhoswe chathu ndi mwezi wa mawa."

Chala cha Zelesi chinachoka pa fanulo iye osadziwa. Phala lonse linakhuthukira m'chiwaya n'kukhala chibuluma chimodzi.

"Fredson ali ndi chikole pakhomo pano. Mpango wake ndi uwu ndamangawu."

"Wandiuza zonse. Ati sanakufunepo mpang'ono pomwe. Ati anangodya zopiringizika zakozo pa siteji, miyendo n'kuyamba kuyenda yokha. Ati anakuona ndi maso ake ukusinja mizu mumtondo n'kumawaza pamwamba!"

"Ndi maso ake?"

"Ndi maso ake! Mpaka lero amalakwitsa n'kunditcha Zele. Umumasule, wamva?"

Mizu! Shuga uja ankasinja mpaka matuza m'manja? Shuga amene Fredson yemweyo ankanyambita m'zala? Ndiye kuti amene anamuthawitsira anthu pamsika, amene anamusiya yekha pa benchi, ndi mwini makalata aja? Zelesi sanalire. Mtima unatentha kuposa mafuta a m'chiwaya.

"Tulukani, mayi wa gogoda, ndisanakuwazeni mafutawa. Kamuuzeni Fredson wanuyo abwere adzanene zimenezo pamaso pa atsibweni anga."

A Lameki si munthu wochedwa. Loweruka lomwelo mipando inayalidwa pansi pa mango. Fredson anabwera ndi atsibweni ake, Jenala nayenso ndi ake, a Jeremiya. Kuseri kwa mpanda ndiye musanene, mitu yokhayokha! Ena anasiya mitondo, ena anabwera ndi ndowa zopanda madzi. Fredson anakhala moyandikana ndi a Lameki, maso ali pa nsapato.

Zelesi anakoleza moto.

"Mwana iwe wapenga?" anatero mayi ake. "Lero lomwe lino ukakazinge zimenezo?"

"Atsibweni sanadye kanthu, amayi. Woopa asadye."

Anadzaza mbale, shuga ali mbuu, n'kukagwada nayo pa katebulo pamaso pa a Lameki. A Jeremiya anakokera mpando wawo kumbuyo ngati aona mamba. Jenala anatseka mphuno ndi kampango. A Lameki okha anasamba m'manja n'kuyamba kukukuta, osafulumira.

Nkhani inayamba m'mawa dzuwa lili chapansi, inafika masana isanathe. Mimba zinayamba kulira.

"Iwe Fredson," anafunsa a Lameki, "chikole unapereka wekha kapena anachita kukunyamula?"

"Ndinapereka, bambo, koma sindinali ine. Anali mankhwala."

A Lameki anatulutsa mtolo wa makalata m'thumba la jekete.

"Nanga awa? 'Duwa langa, shuga wa mtima wanga.' Analemba ndi mankhwala? Mankhwala ake anaphunzira sukulu iti, olemba bwino chonchi?"

Kuseri kwa mpanda kunaphulika phwete. Fredson anapsa mtima, misempha ya m'khosi n'kutuluka.

"Sekani! Inu simukudziwa mmene ndavutikira ine! Ndaonda! Kuntchito bwana wandikalipira kawiri! Zinthu zimenezi ndikangoziona thupi limachita tsembwe, ndikamva fungo lake ndimachita nseru, ndikati..."

Akulankhula choncho, dzanja lake, lija linazolowera Lamulungu lililonse, linatsika pambale, linasankha lofiirira m'mbali, n'kupita nalo kukamwa.

Khwaa!

Maso onse anagwera pa Fredson. Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa.

Fredson anayang'ana dzanja lake. Shuga anali atayera pachibwano. Anameza movutikira n'kulumpha.

"Mwaonatu! Mwaona nokha! Akundikoka mankhwala!"

Koma abale, bodza lina!

Jenala anaimirira. Anayenda, go, go, go, mpaka pa katebulo, n'kutola limodzi.

"Jenala, taya!" anakuwa a Jeremiya. "Taya msanga!"

Iye anadya lonse, maso ali pa Zelesi. Anatola lachiwiri, nalonso anamaliza. Anapukuta pakamwa, anapinda manja, n'kudikira. Anthu nawo anadikira naye.

"Ndadya awiri," anatero. "Zelesi, ndiyang'ane. Ndikudana nawebe ngati mmene ndinabwerera. Nkhope yakoyo ikundinyansabe. Mankhwala akewo ali kuti?"

"Nanenso yanuyo sinandisangalatsepo," anayankha Zelesi.

Jenala anatembenukira kwa Fredson.

"Woopa njoka sapisa dzanja kuuna, Fredson. Iwe wachita kusankha lopsa bwino! Unandituma ndikatukwane mwana wa eni pakhomo pa make chifukwa cha bodza lako? Umafuna ine kapena chigayo cha bambo anga?"

"Jena wanga, nyenyezi yanga, tamvera..."

"Nyenyezi ndi amako!"

Anavula wotchi imene Fredson anamupatsa ya chikole n'kuiponya m'fumbi. A Jeremiya anatola chipewa chawo, osatsanzika.

Zelesi sanaponye kanthu. Anamasula mpango pang'onopang'ono, anavula ndolo, anazikulunga momwemo, n'kugwada kuzipereka kwa a Lameki, monga mmene zinabwerera. A Lameki anazipereka kwa atsibweni ake a Fredson, amene anazilandira atazolika.

"Zele..." anayamba Fredson.

"Dzina langa ndi Zelesi. Ndipo musanagwire njinga yanuyo, munene mokweza, amve a kuseri kwa mpandawo. Mumtondo muja munali chiyani?"

Fredson anayang'ana atsibweni ake. Iwo anayang'ana kumbali.

"Shuga," ananong'ona.

"Sanamve. Bodza lija munalinena mpaka linafika ku Mwase. Mumtondo munali chiyani?"

"Shuga!"

"Mizu munaiona?"

"Sindinaione."

"Pitani."

Atachoka onse ndi pamene Zelesi analowa m'khitchini, nakhala pansi pafupi ndi phulusa, n'kulira ngati wamasiye. Paja munthu sulira pamaso pa adani.

Mukuganiza kuti manong'onong'o anatha? Kuno? Ambiri anabwereradi ku beseni, akumati iwo sanakhulupirirepo chiyambire. Kukwaya anzake anasunthiranso pafupi. Koma alipo ena akuti, "Amenewo ndiye mankhwala enieni, kumudyetsa munthu bwalo lonse likuona!" Oterowo ngakhale utawasinjira shuga pamphuno sangamve.

Ndiye dzana Lamulungu, Zelesi akutuluka m'tchalitchi, anangoona munthu wamutsekera njira. Fredson! Malaya osasita, ndevu zili nyankhalala, m'manja atagwira mpango uja.

"Zele wanga, anali Satana. Sindikudya, sindikugona. Ndi iwe wekha, pali Mulungu! Ndikhululukire, ukwati woyera ukadalipo."

"Poyamba anali mankhwala, lero ndi Satana. Inuyo mumakhala muli kuti zikamachitika?"

Anamulambalala n'kumapita, khosi lili njo. Koma atakhota pa mpanda wa tchalitchi anaima n'kucheuka kuti amuonenso. Mtima ndi wopusa, abale, sumva msanga.

Kunyumba nakonso mtendere kulibe. Mayi ake akuti akhululuke, kalaliki sapezeka kawiri. A Lameki akuti akadzangoona njinga imeneyo pa mpanda, adzaithyola masipoko ndi mpini. Zelesi akungotakasa phala lake.

Nanga inu, munthu woti anakutchani mfiti mudzi wonse ukumva, mungamukolezerenso moto?