Kanjere Koziziritsa Impso

Loboti inalasa singano kumsana kwa Nankhoma, cha m'munsi mwa nthiti, ndipo pasanathe mphindi ziwiri ntchito inali itatha. Munali m'chaka cha 2068. Pa kanema wa pakhoma panaoneka kanthu kochepa ngati njere ya therere katakakamira pa impso yake ya kumanzere. Manambala a bipi, omwe kwa zaka khumi ndi ziwiri ankakana kutsika, anayamba kutsika iye akuyang'ana.

"Basi?" anafunsa Nankhoma.

"Basi, mayi," anayankha a Chigona, adokotala a pachipatalapo. "Mapilisi aja mwatsazikana nawo."

Kale madokotala ankathamangira mtima ndi mitsempha. Kenako anaona kuti mwa anthu ambiri vuto limayambira mu impso. Impso ikatupa m'kati, ngakhale pang'ono chabe munthu osamva kuwawa, imasunga mchere ndi madzi, ndipo imatumiza uthenga m'thupi lonse kuti magazi athamange. Kachipangizo aka kankaziziritsa kutupako n'kutseka njira ya uthengawo. Dzina lake lenileni linali lalitali, choncho anthu ankangoti kanjere.

Mutu unaleka kuwawa. Mapazi anaphwa. Anthu akufa ziwalo anachepa m'boma lonse. Nankhoma anasiyanso kulongolola, ndipo amuna ake, a Gama, anali oyamba kuzindikira.

"Kanjere aka akanakuikani tisanakwatirane, bwenzi tsitsi langa likadalipo," anatero tsiku lina akusisita dazi lawo.

Nankhoma anadziwa kuti ndi nthabwala. Anatsegula pakamwa monga amachitira munthu woseka.

Patatha zaka ziwiri, a Gama anadwala chibayo masiku atatu n'kumwalira Lolemba m'mawa. Akuluakulu anati maliro aikidwa Lachiwiri masana.

Kwawoko mkazi wa malemu ndiye amayambitsa kulira, ena n'kumalandira. Amayi obwera kudzakhuza amayambira kunjira kulira, ndipo wamasiye amawayankha ali m'nyumba, pambali pa thupi. Nankhoma anakhala pamalo pake. Anayang'ana nkhope ya amuna ake. Anaona kuti ndevu sanawamete bwino cha kukhosi. Anaonanso kuti mphasa yatha m'mphepete. Amayi ankalowa akulira, koma posowa wowayankha, kulirako kunkangothera pakhomo.

Nagama, mlongo wa malemu, anapirira mpaka dzuwa litafika pamutu.

"Alamu, kodi muno mwafa nkhuku?"

"Ndikuyesa, alamu."

"Kulira amayesa? Zaka makumi atatu achimwene akukupirirani, inu ngakhale dontho? Ana anu akukuonani. Panjapo anthu ayamba kale kunong'ona kuti mukudziwapo kanthu."

Nagama atatuluka, Nasoko, mnzake wa Nankhoma wa kumpingo, anasendera pafupi.

"Ndi kanjere, anzanga. Inenso ndili nako. Chaka chatha poika mwana wanga ndinangokhala ngati chitsa. Fundani chitenje kumaso, muzingofuula. Ndani asuzumire?"

"Munatero inu?"

"Tonse timatero. Mukuganiza kuti m'maliro a masiku ano akulira zenizeni ndi angati?"

Nankhoma anaganiza. Mumtima munalibe kanthu, koma mutu unkagwira ntchito bwinobwino. Munthu wagonayo sanamunamizepo. Anayenera kuliridwa ndi misozi yeniyeni asanalowe m'dothi, ndipo nthawi inali mpaka mawa masana. Anadzuka n'kutuluka, chinthu chimene wamasiye sachita thupi likadali m'nyumba. Anthu anamutsegulira njira ali kukamwa yasa.

Kuchipatala sanaime pamzere.

"Kanjere kaja kazimitseni," anauza a Chigona.

"Mayi, khalani pansi kaye."

"Ndakhala kuyambira m'mawa. Munatiuza kuti kamaziziritsa impso. Zinazi simunatiuze."

A Chigona anavula magalasi. "Njira imene tinatseka ija, uthenga wa mantha, mkwiyo ndi chisoni umadutsanso momwemo. Tayamba kuziona posachedwapa. Poyesa kanjere tinkayeza magazi, mayi. Misozi sitinayeze."

"Ndiye zimitsani."

"Tikakazimitsa, kutupa kubwerera. Bipi ikhoza kukwera kuposa kale. Mukhoza kufa ziwalo, mukhoza kuwatsatira bambowo. Simukuopa?"

"Ndiope ndi chiyani, adokotala? Si mwatseka?"

A Chigona anamupatsa chikalata, iye n'kulembapo dzina lake. Loboti inagunditsa kachitsulo kumsana kwake, ndipo kanjere pa kanema kanasiya kuthwanima. Anamumanga kalamba kakuda pamkono koyezera bipi.

"Ndiye ndiyamba kumva liti?"

"Sitikudziwa. Palibe amene anapemphapo zimenezi."

Lachiwiri Nankhoma anadikira. Potseka bokosi anadikira. Panjira ya kumanda anadikira, akumvetsera m'chifuwa mwake ngati munthu womvetsera basi ikubwera kutali. Adzukulu atatsitsa bokosi, dothi loyamba linagunda pa chivundikiro. Iye anamva kulira kwa thabwa, basi. Nasoko anamutsina kuti afunde chitenje. Sanafunde. Anaima ndi maso ouma mpaka mtumbira unakwera, nkhata zinaikidwa, abusa anatseka ndi pemphero. Pobwerera Nagama anamudutsa osamuyang'ana. Mwana wamkazi woyamba wa Nankhoma anayenda ndi azakhali akewo.

Lachitatu anthu anabalalika. Lachinayi abale otsala ananyamuka.

Lachisanu m'mawa Nankhoma anatenga tsache kuti asese phulusa pamene azibambo ankawotha moto wa pamaliro. Atawerama, mutu unagunda kamodzi ngati waombedwa ndi mpini. Kenako chinthu chinakwera kuchokera m'chiuno, chinadutsa m'mimba, chinafika pakhosi. Anagwa m'phulusamo.

"Mayo ine! A Gama! Mwandisiya ndi yani ine!"

Mawuwo anamveka mpaka kumsewu. Analira ndevu zosametedwa bwino, chifuwa chawo cha m'mawa, nthabwala zonse za zaka ziwiri zimene sanaseke. Anthu oyandikana nawo anathamanga n'kuima kumpanda.

"Kwagwanso zotani? Wamwaliranso ndani?" anafunsa mayi wina.

"Palibe," anayankha mnzake. "Ndi omwe aja a Lachiwiri."

Anayang'anizana. Maliro anali atatha, ndipo palibe amene ankadziwa chochita ndi kulira kwa Lachisanu. Mmodzimmodzi anabwerera ku ntchito zawo.

Kalamba ka pamkono kanayamba kulira, kenako kanalankhula ndi mawu ofatsa a makina: "Bipi yanu yafika poopsa. Pitani kuchipatala tsopano kuti tikayatse kanjere."

Dzanja la kumanzere linali litayamba kulemera. Nankhoma anachita mantha, mantha enieni, oyamba m'zaka ziwiri. Anavula kalambako ndi mano n'kukaponya m'phulusa.

"Dikira," anatero. "Sindinamalize."

Anthu anzeru aja impso anaiphunzira mpaka m'kati mwake, koma sanadziwe kuti misozi ikachedwa imasowa woilandira.